Tisinthana Lachisanu

"Tambasula manjawo abambo ako aone."

Mafunso sanatambasule. Anawabisa m'khwapa, maso pansi, ngati ndamupezerera akuba shuga. Dzina limeneli si la kusukulu ayi, tinam'patsa tokha pakhomo, chifukwa chiyambire kuyankhula mwanayu sanaonepo chinthu n'kuchisiya osafunsa kuti chimayenda bwanji. Koma madzulo amenewo analibe funso ngakhale limodzi.

Ndinam'gwira pamkono n'kuwatambasula ndekha. Zikhatho zonse zinali matuza okhaokha, ena ataphulika kale, ndipo pakati panadutsa mzere wofiira wa chingwe.

"Mwaona?" ndinatero. "Ameneyu ndi mwana wa sukulu kapena ng'ombe ya pangolo?"

Amuna anga anali pampando pakhomo, akupala simenti m'zikhadabo ndi msomali. Ndi mmisiri womanga nyumba. Anadzutsa mutu pang'ono n'kuuweramitsanso.

"Matuza sapha munthu, mayi a Mafunso. Manja angawa anayamba choncho."

"Anayamba choncho chifukwa simunapite kusukulu. Uyu ndimamutumiza kusukulu kuti manja ake asadzafanane ndi anu."

"Ndiye mwayamba kundinyoza?"

"Nthawi yonyoza ndilibe. Ndaima pamsewu tsiku lonse ndi tomato wofewa, miyendo ikuwawa. Ndikufunsa za manja a mwana."

"Amayi, ndi sayansi," mwana anayankhula motsitsa mawu.

"Sayansi yake iti yosenda khungu?"

"Tikuphunzira za mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu. Chinthu sichisuntha chokha, mpaka china chichikankhe kapena kuchikoka. Aphunzitsi anatigawa pawiri. Gulu lina ndi Amakono, amanyamula miyala pa wilibala. Ife ndife Akale, timakoka ndi chingwe n'kumagubuduza pa zipika, monga ankachitira anthu akalekale pomanga nyumba zikuluzikulu. Kenako tidzayerekeza kuti njira yofuna mphamvu zambiri ndi iti."

"Masabata onsewa simunadziwebe kuti yolemetsa ndi iti?"

"Tisinthana Lachisanu. Ife tidzakhala Amakono, iwo Akale."

"Lachisanu lapitali unanenanso zomwezo."

Anabwezera manja m'khwapa.

"Nanga aphunzitsiwo anakuona bwanji kuti iwe ndiwe wakale? Uli ndi imvi?"

"Anayang'ana kumapazi. Anati anthu akale sankavala nsapato, ndiye opanda nsapato tonse tiime mbali imodzi. Ananena moseka, amayi. Kalasi yonse inaseka."

"Iwenso unaseka?"

"Ndinaseka."

Ndinayang'ana mapazi akewo, otuwa, zidendene zong'aluka. Nsapato zake zinatha chaka chatha, ndipo ine ndinali ndikunenabe kuti tomato akayenda bwino tigula. 

"Miyalayo mumaichotsa kuti, n'kupita nayo kuti?"

"Timaitenga kukhwawa, kuseri kwa bwalo la mpira. Timakaisiya kumtunda kuja akumanga nyumba ya ahedi."

Msomali uja unasiya kupala. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, chifukwa womanga nyumba ya ahedi anali atakhala pampando pakhomo panga.

"Bambo a Mafunso. Miyala imene mumaipeza itaunjikidwa m'mawa uliwonse, mumaganiza kuti imagwa ndi mvula?"

"Ine ndimamanga. Sindifunsa kumene mwala wachokera."

"Mwana wanu amafunsa chilichonse, inu simufunsa kanthu. Mwina ndinasinthitsidwa mwana kuchipatala."

"Tamverani, mayi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ntchito imene tikudyera panoyi anandipatsa ndi ahedi. Mayina a ana olemba mayeso opitira ku sekondale amatumiza ndi ahedi. Mukaponya mwala, muswa mkhate wanu womwe."

"Miyala yoponya ndiye ilipo yambiri. Mwana wanu wakoka yokwanira."

"Amayi, chonde musapiteko," Mafunso anatero. "Mayeso ali pafupi. Ndipirira."

Ndinam'paka mafuta m'zikhathomo, n'kumumanga kansalu koyera. Cholembera anachigwira ngati wagwira khala la moto, koma homuweki analemba.

Ndinene zoona, phunzirolo poyamba linali labwino. Tsiku loyamba lija mwana anabwera akuthamanga, asanavule n'komwe yunifolomu. Kuseri kwa nyumba tili ndi mgolo wamadzi, ndipo ndinali nditadandaula kwa nthawi yaitali kuti uli padzuwa, koma kuusuntha mpaka abambo ake atakhalapo. Iye anatenga mtengo wautali, anaika chidutswa cha njerwa pafupi ndi mgolo, n'kulowetsa nsonga ya mtengo pansi pake.

"Dinikizani uku, amayi. Ndi dzanja limodzi lokha."

Ndinadinikiza, mgolo unadzuka. Anatsekerapo timitengo tozungulira pansi pake, tinaukankha awiri, unapita mumthunzi ngati uli ndi miyendo.

"Mwaona? Mtengo ukatalika, mphamvu yofunika imachepa. Ndipo chinthu chikamakhulana ndi nthaka chimalemera kukoka, koma chikamagubuduzika chimapepuka. Tayala la galimoto ndi mdzukulu wa chipika, amayi. Aphunzitsi atero."

Ndinaseka tsiku limenelo. Ndinati mwana uyu adzapita patali. N'chifukwa chake matuza aja anandiwawa kawiri.

M'mawa mwake ndinasiyira tomato mnzanga wogulitsa anyezi, n'kupita kusukulu osauza munthu. Sindinafunikire kufunsa kalasi. Ndinangotsata mawu a ana akuti "kokani, kokani" kuseri kwa bwalo la mpira.

Akale anali pa chingwe, mizere iwiri, akukoka mwala waukulu ngati thumba la chimanga. Mwalawo unagona pa zipika. Ukasuntha pang'ono, chipika cha kumbuyo chinkatsala, ndipo mwana mmodzi ankachitola n'kuthamanga nacho kukachiika kutsogolo. Mwana wake anali wanga. Amakono anali pansi pa mtengo. Mmodzi anagwira wotchi, wina kope, ndipo mu wilibala munalibe mwala, munakhala mwana wa mwini golosale, anzake akumuyendetsa mozungulira.

Aphunzitsi a sayansi ndi mnyamata, mwina wangomaliza kumene kukoleji, choko mpaka m'thalauza. Atandiona anavula chipewa.

"Ndinu mayi ake a mtsikana wathu wanzeru uja? Mwana wanu amamva msanga kuposa onse. N'chifukwa chake ndinamuika pa zipika, pamafunika wodziwa poika."

"Zikomo. Ndiye mphoto ya kumva msanga ndi imeneyo?"

Anayang'ana kumbali.

"Aphunzitsi, ine sindinapite patali ndi sukulu, mundikhululukire. Kuyerekeza kwake kumatha liti?"

Anatsitsa mawu. "Mayi, phunziroli ndinalikonza la masana amodzi. Gulu lililonse liyese njira zonse, tilembe, tibwerere m'kalasi. Koma ahedi anadutsa, anaona miyala ikuyenda, n'kunena kuti sayansi yotere ndiye yofunika, ipitirire."

"Nanga kusinthana?"

"Ndinayesa. Tsiku lomwelo eni golosale anabwera, akuti mwana wawo ali ndi chifuwa. Ena akuti wawo msana. Ena akuti wawo sazolowera dzuwa. Ndipo wilibalayo anapereka kusukulu kuno ndi eni golosale omwewo."

"Ndiye matenda onse anagwera ana ovala nsapato okhaokha?"

"Ndidakali woyesedwa pantchito, mayi. Amene adzanene ngati ndikuyenera kukhala ndi ahedi. Koma Lachisanu ndiyesanso."

"Mukuyesa chiyani, aphunzitsi?"

Anali ahedi, atatulukira kumbuyo kwathu. Ndi munthu waulemu kwambiri pakamwa. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za kunyumba, anayamikira kuti amuna anga amamanga khoma lowongoka ngati muvi. Ndinadikira amalize.

"Ahedi, ndabwera kudzachotsa mwana wanga pa chingwe."

"Aa, mayi. Maphunziro a masiku ano si ongoloweza ayi, ndi ogwira ndi manja. Mwana amamvetsa mphamvu akaimva m'thupi mwake."

"Awo ali mumthunziwo aimva liti?"

"Aliyense ali ndi gawo lake. Wina akoka, wina alemba. Mutu umodzi susenza denga."

"Denga lake ndi la ndani?"

Kumwetulira kuja sikunachoke, koma maso anauma.

"Mwana ndi wanu, mayi, sindingakuletseni. Koma mwana wokana phunziro ndiye kuti sanamalize zofunika m'kalasi. Wotero ine sindingamutumize ku mayeso, ndinganamize boma. Kaganizeni bwino. Fulumira adadya gaga." Anatembenuka, kenako anaima. "Mupereke moni kwa amisiri. Muwauze kuti pali anzawo ambiri amene akundipempha ntchito ija."

Mafunso anali ataima ndi chipika m'manja, akundiyang'ana. Anapukusa mutu pang'ono, kundipempha. Ndinabwerera kumsewu ndekha.

Sabata imeneyo ndinayenda m'makomo mwa amayi anzanga amene ana awo anali Akale. Wina anati, "Wanga sakhoza n'komwe m'kalasi, bola aphunzire kukoka, adzadyera pomwepo." Wina anati, "Inu amuna anu akudya nawo kumeneko, ndiye mukufuna ife tikayambe?" Ndinangotsanzika n'kupita khomo lina. Wachitatu anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala." Ndinamuuza kuti khosi la mwana wanga likupindika ndi chingwe, mkandawo adzauvala pati? Anatseka chitseko mwaulemu.

Ndiye ndinachita chimene ndikanatha. Ndili ndi nsapato zakuda za pulasitiki, zovala Lamlungu. Ndinazitsuka, ndinafinyira mapepala kutsogolo kwake kuti zim'kwane, n'kumupatsa.

"Ngati nkhani ndi nsapato, nazi. Ukawauze kuti watukuka."

Anapita akuyenda ngati bakha, koma akumwetulira. Madzulo anabwera nsapato zili m'manja.

"Akuti magulu anagawidwa kale, amayi. Ndipo pokoka ndizivula, chifukwa Akale sankavala nsapato. Akuti ndizizisiya pansi pa desiki."

"Nanga Lachisanu?"

"Akuti kukubwera alendo ochokera kuofesi ya maphunziro, amva kuti sukulu yathu imaphunzitsa sayansi bwino. Tikasinthana tsopano tisokoneza chionetsero. Tisinthana Lachisanu linalo."

Abambo ake anali akusamba m'manja pa beseni.

"Mwamva?" anatero. "Mpaka akuluakulu akubwera kudzaona. Inu mumati ndi nkhanza, anthu ophunzira akuti ndi nzeru."

"Anthu ophunzirawo abweretse ana awo adzakoke."

"Pakamwa panu padzatigoneka ndi njala tsiku lina."

"Ndipo kukhala chete kwanu kudzatigoneka ndi chiyani?"

"Amayi," mwana anadula, "chingwe chathu chayamba kuyoyoka pakati. Ndawauza aphunzitsi. Akuti agula chatsopano."

"Ndiye bola," abambo ake anatero, n'kutaya madzi panja.

Tsiku la chionetsero makolo tinaitanidwa. Anatikhazika pa mabenchi m'munsi mwa chitunda, alendo pa mipando ya pulasitiki kutsogolo. Galimoto yawo yoyera inaima pamthunzi. Kumtunda kunkaoneka maziko a nyumba ija, amuna anga ali cha komweko, atauzidwa kuti asagogode kanthu mpaka alendo atapita. Ahedi poyankhula anati miyala imene ana amasuntha imapita ku chitukuko. Palibe mlendo anafunsa kuti chitukuko chake cha ndani.

Anayamba ndi Amakono, yunifolomu zosita, masokosi oyera. Anali atawaimikira mitengo itatu yomangidwa pamwamba, pakati pake atapachika kagudumu. Mtsikana mmodzi anakoka chingwe chodutsa pa kagudumuko ndi dzanja limodzi, ndowa ya timiyala inakwera m'mwamba. Alendo anaomba m'manja. Ine ndinayang'ana chingwecho. Chinali chatsopano, choyera mbee.

Kenako anatuluka Akale. Anawaveka ziguduli zobooledwa pakhosi, mapazi ali pansi. Anthu anaseka, alendo anatulutsa mafoni. Mayi uja wa mkanda woyera anaseka nawo mpaka ataona wake, n'kusiya. Mwala wa tsiku limenelo unali waukulu kuposa onse, anausankha kuti alendo aone bwino kuvutika kwa anthu akale. Chingwe chake chinali chakale chomwe chija, pakati atachimanga mfundo.

Ndinadzuka. Mayi wina anandikoka chitenje. "Khalani pansi, mukutitchinga."

"Kokani," aphunzitsi anatero. "Onani, alendo athu, zipika zikuchepetsa kukhulana kwa mwala ndi nthaka. Koma pachitunda mphamvu yokokera zinthu pansi ikulimbana ndi ana athu."

Mwala unakwera. Chipika chinatsala kumbuyo, Mafunso anachitola, anathamanga nacho kutsogolo, n'kubwereranso. Ankachita mwachangu, mwaluso, nkhope ili phee ngati akulemba mayeso. Unakweranso. Anawerama kumbuyo kwa mwala kuti atole chipika china.

Chingwe sichinalire kwambiri. Chinangoti thu, ngati ulusi. Ana onse anagwa chagada kumtunda, ndipo mwala unabwerera pa zipika zomwe zija, mopepuka, monga mwana anandiuzira kuti chinthu chogubuduzika chimapepuka.

Sindikumbuka mmene ndinadumphira mabenchi. Ndinam'peza atakhala pansi, phazi lamanja lili pansi pa mwala. Sankalira. Anangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinakankha mwalawo ndi manja, ndi phewa, sunasunthe. Abambo ake anafika akuthamanga ndi mtengo wautali wa pa ntchito yawo, aphunzitsi anaika chipika pansi pake, anadinikiza awiri, mwala unadzuka. Ndinasolola mwana. Nditaona phazilo ndinalikulunga msanga ndi mpango wakumutu kuti iye asalione.

"Galimoto," amuna anga anatero, akuyang'ana alendo. "Chonde, mabwana, galimoto."

Alendo anayang'anana. Dalaivala anati galimoto ya ofesi siloledwa kunyamula munthu wamba popanda chilolezo, pakachitika kanthu panjira mlandu ndi wake. Wamkulu wa alendowo anati aimbire kaye foni kuofesi. Anaimba, anati sakuyankha. Ahedi anati tisade nkhawa, atuma mwana akafune njinga. Kenako anatembenukira kwa anthu, manja m'mwamba, kuti akhazike mitima pansi.

"Makolo, alendo athu, ngozi siona nkhope. Koma mwaona nokha chifukwa chake dziko linasiya njira zakale. Phunziro lake ndi limeneli."

Mlendo wina anagwedeza mutu, kuvomereza.

Wilibala inali pambali pa mipando ya alendo, itadzazidwa timiyala totsukidwa bwino, kudikira gawo lachiwiri la chionetsero. Ndinaigwira, n'kuikhuthula pomwepo. Timiyala tinamwazikira pa nsapato zawo zopukutidwa, wina mpaka anakweza miyendo. Ndinayala chitenje mkatimo.

"Mayi, imeneyo ndi ya chionetsero," ahedi anatero.

Sindinawayang'ane. "Bambo a Mafunso, m'nyamuleni."

Tinamukhazika mu wilibala, chiguduli chili m'khosi. Ndinagwira zogwirira ndekha. Amuna anga anafuna kundilandira, ndinakana. Ndinkafuna chinthu choti ndikankhe, apo ayi ndikanakankha munthu.

Kuchipatala anachotsa zala ziwiri zimene zinaphwanyika, phazi lonse n'kuliika chikhakha. Adokotala anati adzayenda, koma motsimphina, ndipo osati posachedwa. Namwino polemba anafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinati sayansi. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Titatuluka, aphunzitsi anabwera kunyumba masana ena ndi jumbo m'manja. Anakana mpando, anakhala pa njerwa.

"Ndabweretsa nsapato zake. Zinali pansi pa desiki."

Ndinalandira. Mapepala aja anali momwemo.

"Mayi, ndilibe mawu. Chingwe chatsopano ndinagulira gulu lake. M'mawa wa tsikulo ahedi anati chikaikidwe pa kagudumu, chakale sichingaoneke bwino pa zithunzi za Amakono. Ndikanakana."

"Mukanakana."

"Kuofesi auzidwa kuti ine ndi amene sindinasamale, ndiponso kuti mwana ankasewera kumbuyo kwa mwala. Akunditumiza kusukulu ina, kutali."

"Ankasewera?"

"Ndi mmene anenera."

"Nanga ahedi?"

"Ayamikiridwa kuti anakhazika anthu mtima pansi."

Mafunso anali pamphasa pakhonde, mwendo uli pa pilo. Aphunzitsi anam'funsa ngati pali pena pamene sakumvetsa, amuthandize asanapite. Kale akanawasunga mpaka dzuwa kulowa. Anangopukusa mutu. Chibwerere kuchipatala mwanayu sanafunsepo kanthu, ngakhale za zala zake.

Ana a gulu la Akale anasiya kukoka, zimenezo n'zoona. Koma si chifukwa choti wina anamva chisoni. Miyala ya maziko inali itakwana.

Amuna anga anabwerera kuntchito. Sindinawaletse. Mankhwala a bala sagulidwa ndi mkwiyo, ndipo tomato wanga anaolera m'dengu masiku amene ndinali kuchipatala. Koma madzulo ena atafika, atakhala pampando wawo ndi msomali uja, ndinafunsa.

"Mwala uja uli kuti?"

Anapitiriza kupala.

"Bambo a Mafunso, ndikufunsa mwala uja."

"Ahedi anati ndi wabwino pa ngodya."

"Ndiye munaumangira."

"Ndinautsuka kaye. Magazi ena sanachoke, analowa m'ming'alu." Anazunguliza msomali m'zala. "Ndinautembenuza. Mbali imeneyo inayang'ana pansi."

"Mwachita bwino. Mkhate wanu sunasweke."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, anene za pakamwa panga. Sananene. Msomali unagwa pansi, anaphimba nkhope ndi manja awo okhakhala aja, mapewa akugwedezeka. Ndinawayang'ana kwa kanthawi. Chisoni chinalipo, koma chinali kutali, ndipo ine ndinali nditatopa kuti ndikachitenge. Ndinalowa m'nyumba kukatenthetsa madzi otsukira bala.

Dzina la mwana linatumizidwa ku mayeso. Ahedi anatuma uthenga kuti achita zimenezi mwa chifundo chawo, ngakhale mwanayo anajomba kwambiri. Uthenga womwewo unati wilibala ya sukulu ibwezedwe. Ndinayankha kuti ndamva. Uthenga unabweranso, ndinayankhanso kuti ndamva. Wilibalayo inali kuseri, pambali pa mgolo, ndipo ndinkaigwiritsa ntchito popita naye kukatsukitsa bala.

M'mawa wa mayeso ndinam'sambitsa, ndinam'veka yunifolomu yosita. Phazi lamanzere ndinaliveka nsapato yakuda ija. Inzake ndinaisiya pawindo, inalibe povala. Ndinayala bulangete mu wilibala, abambo ake anam'nyamula n'kumukhazika. Anafuna kutiperekeza, koma kunyumba kwa ahedi tsiku limenelo kunali kuika mawindo.

Njira ya kusukulu ndi yokwera. Pofika pakati msana unayamba kuyaka, manja akuterera ndi thukuta. Ndinaima, n'kutsitsa wilibala kuti ndipume.

"Amayi," mwana anatero, osatembenuka. "Ndisunthireni kutsogolo, pafupi ndi tayala. Katundu akakhala pamwamba pa tayala, manja anu sanyamula zambiri."

Ndinam'sunthira. Nditadzutsanso, anali wopepuka ngati dengu la masamba. Zimene anamuphunzitsa mnyamata wa sayansi uja sizinanamepo ngakhale kamodzi. Onama anali anthu.

Tinadutsa m'munsi mwa nyumba ija. Khoma linali litafika pa denga, lowongoka ngati muvi. Mwana anayang'ana pa ngodya, ine ndinayang'ana njira.

Pageti la sukulu panali ahedi, atavala tayi, akulandira ana olemba mayeso. Amakono ankalowa awiriawiri, nsapato zikulira pa simenti. Atationa anafutukula manja.

"Mtsikana wathu wolimba mtima. Mwaona, mayi, sindinakuuzeni kuti alemba? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Zikomo, ahedi."

Anawerama pang'ono, kutsitsa mawu kuti makolo ena asamve.

"Koma wilibalayi, mayi, ndi katundu wa sukulu. Ndatumiza uthenga kangapo. Kunyumba kuja kukufunika kututa mchenga, ndiponso eni golosale akufunsa."

"Ndamva, ahedi."

"Kumva mwamva kale. Mubweza liti?"

Mafunso anatembenuka koyamba, kundiyang'ana. Ndinapukuta manja pa chitenje, n'kugwiranso zogwirira.

"Lachisanu," ndinatero.

Ndinakankha. Ahedi anachotsa phazi msanga kuti tayala lisawaponde, ndipo tinalowa.